Bwato Lathu Linaphika Nyemba za Pamaliro

Amene anayamba kundiuza kuti bwato lathu akukaliwaza anali mnansi wanga wa kuseri kwa nyumba, mayi wachisilamu amene timatunga naye madzi pamjigo umodzi. Analowa m'nyumba ya maliro chokwawa, kudutsa pakati pa azimayi amene ankayimba, mpaka anafika pamene ndinakhala, kumutu kwa thupi la amuna anga. Anandinong'oneza kuti alamu anga atsikira kudoko ndi amuna awiri, ndipo nkhwangwa abwereka kwa amuna ake a mnansi wangayo, amene anapereka osadziwa ntchito yake.

Koma ndiyambe kaye ndi nkhuni, chifukwa nkhani yonseyi inachokera ku nkhuni.

Kwathu kuno kunyanja ya Chilwa mitengo kulibe. Ndi dambo lokhalokha, minda ya mpunga, kenako madzi. Mitengo imene maso amaona ndi ya kumanda, ndipo imeneyo siidulidwa. Nkhuni timagula kwa abambo a njinga amene amatsika nazo kuchokera kumapiri. Nditangokwatiwa kumene, mulu unkakhala wa nkhuni zisanu, zonenepa ngati mkono wa munthu wamkulu. Zinatsika kukhala zinayi, kenako zitatu zowonda, uku mtengo ukungokwera. Wa njinga nayenso anachenjera, amayamba wapita ku Kachulu kwa owamba milamba, amene amagula njinga yonse osanenerera, ife n'kumalandira zotsala. Makala ndiye tinaiwala kalekale. Mankhusu a mpunga amene tinkangowola ulere kuchigayo cha ku Likangala anayamba kuwayeza m'matumba, ati owotcha njerwa akuwafuna. Tinayamba kuphikira zitsononkho, mapesi a nandolo, ndipo zimenezi zikatha, njedza, udzu wautali uja wa m'nyanja. Njedza ikauma imayaka ngati pepala, lawi lalikulu lochititsa mantha, ukatembenuka wapeza phulusa. Phala la mwana limapsa. Nyemba ayi. Pakhomo pathu nyemba tinasiya kudya, osati chifukwa zinasowa pamsika, koma chifukwa zimadya nkhuni kuposa mmene ife timazidyera.

Amuna anga anali msodzi. Bwato lawo linali la mtengo umodzi wa mbawa, analigula ku Chisi tisanakwatirane, ndipo linali ndi zigamba zitatu zomatidwa ndi phula. Chigamba cha kutsogolo anachidula ku chitini cha mafuta ophikira, ndinawagwirira ndine pokhoma misomali. Chifuwa chitawagwira, anakhala zaka ziwiri osapita panyanja. Bwato tinapatsa msodzi wina wa m'mudzi momwemuno, ndipo akabwera kunyanja ankatipatsa gawo lathu, matemba, nthawi zina makumba. Ndinkayanika n'kugulitsa. Sopo, makope a ana athu atatu, minibasi yopita kuchipatala ku Zomba, zonse zinkachokera m'bwato limenelo. Ndimathokoza Mulungu kuti zaka ziwiri zonsezo sitinagone ndi njala masiku awiri otsatizana. Tsiku lina ndikuwathowa pachifuwa, amuna anga anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Mayi a ana, ine ndikapita, lidzakudyetseni ndi bwatoli. Musadzalole munthu."

Kuno maliro akachitika, mayi aliyense amapita ndi ufa m'mbale ndi nkhuni pamutu. Palibe amene amakuuza kuchuluka kwake, koma maso amaona. Amene amalandira ndi amayi apampando a komiti ya maliro, mayi wamphamvu, wodziwa kuyendetsa zinthu, ndipo sindinganame, maliro ambiri a amphawi anayenda bwino chifukwa cha iwo. Timapemphera tchalitchi chimodzi.

Mwezi wa Juni chaka chimenecho mayi awo a amayi apampando anamwalira. Kunali kuzizira, mphepo ya kunyanja ikulowa m'nyumba ngati khomo palibe. Ine ndinali ndi nkhuni zinayi zenizeni kunsi kwa bedi, zotenthetsera madzi othowera amuna anga m'mawa uliwonse, chifukwa popanda madzi otentha chifuwa chawo sichinkatseguka. Ndinagwada n'kuzitulutsa, ndinaziyang'ana, ndinamva iwo akutsokomola, ndinazibwezeranso. Ndinamanga mtolo waukulu wa njedza, n'kusenza. Nditafika, amayi apampando anayang'ana mtolowo, maso ali otupa ndi kulira, ndipo ine ndisanafunsidwe ndinayamba kufotokoza kuti kunyumba kulibe nkhuni ngakhale imodzi. Ndinanama, ndipo ndinanama pamaliro.

Patapita masiku anayi amayi apampandowo anabwera okha m'mawa kudzapala moto, poti machesi nawonso anali atadula ndipo aliyense ankangoyang'ana kumene kukufuka utsi. Anandipeza madzi ali pamoto, nkhuni ziwiri zikuyaka bwinobwino, ziwiri zili pambali. Anawerama ndi phale lawo, anatola makala atatu, n'kuwongoka pang'onopang'ono.

"Moto wabwino uwu, achemwali," anatero, n'kumapita.

Ndinayenera kuwatsatira tsiku lomwelo n'kukapepesa. Ndinadziuza kuti Mulungu akuona chifukwa chake, ndipo anthu adzaiwala. Mulungu ankaonadi. Koma anthu sanaiwale.

Amuna anga anatisiya mu Okutobala, kunja kukucha, dzuwa lisanatuluke koma kutentha kutayamba kale. Msodzi uja anakokera bwato kumtunda n'kulivundikira, poti bwato la munthu womwalira silipita panyanja mpaka mwini wake ataikidwa. Ine anandikhazika kumutu kwa thupi, ndipo kuchokera pamenepo ndinkaona pabwalo kudzera pakhomo. Azimayi anayamba kufika mmodzimmodzi. Woyamba anatula mtolo wa njedza. Wachiwiri njedza. Wachitatu njedza. Mitolo yomangidwa bwino, yofanana, ngati anakaimangira pamodzi. Mulu unakwera mpaka kufika padenga la khitchini, ndipo munalibe chikuni ngakhale chimodzi. Ndinamva pambuyo pake kuti nkhaniyi anaipangana pamjigo, ndipo ananena kuti amene abweretse nkhuni adzalandira njedza tsiku lake likadzafika. Mnansi wanga yekha uja ndi amene anabwera ndi nkhuni ziwiri atazibisa m'chitenje ngati wanyamula mwana, n'kukaziponya pamoto osayang'ana munthu.

Alamu anga, akulu awo a amuna anga, anafika kuchokera kutauni ndipo anagula nyemba zambiri, poti ankafuna maliro a mng'ono wawo aoneke. Tsiku loika maliro adzukulu anali kumanda kuyambira m'mawa, akulimbana ndi dothi la makande limene mu Okutobala limauma ngati simenti, ndipo adzukulu samaliza manda asanadye. Azimayi anayi ankaponya njedza pansi pa mphika mosinthana, lawi likukwera mpaka kuwapsereza tsitsi la m'manja, koma madzi ankangofunda. Dzuwa linafika pamutu nyemba zikulirabe mumphika ngati miyala. Wa njinga anali atadutsa kale kupita ku Kachulu. Kumanda kunabwera uthenga woti adzukulu aika makasu pansi. Ndipo aliyense ankadziwa, ngakhale panalibe wonena, kuti ndi kutentha kumeneko thupi silikanagonanso tsiku lina.

Apa ndi pamene mnansi wanga anadzandinong'oneza za nkhwangwa.

Namfedwa sachoka kumutu kwa mwamuna wake. Ine ndinadzuka. Nyimbo inadukira pakati. Ndinatuluka mpaka pamene ankaphikira, n'kugwada pafumbi pamaso pa amayi apampando, anthu onse akuona.

"Amayi, ndinalakwa," ndinatero. "Ndinanama pamaliro a mayi anu. Nkhuni zinalipo, zinayi. Ndikhululukireni. Aliyense akatenge chikuni chimodzi kwawo, nyembazi zipsa. Bwato lokha alisiye."

Sanasiye kuvundula mumphika. Anandiuza kuti ndidzuke, namfedwa sagwada panja, ndikuchititsa manyazi malemu.

"Ife tabweretsa zimene munatiphunzitsa," anatero. "Munati njedza ndi nkhuni. Ndiye tikuphikira."

Kumbuyo kwawo mayi wina anafunsa motsitsa mawu, koma moti ndimve, ngati ndayang'ana kunsi kwa bedi. Ena anaseka n'kubisa pakamwa ndi nsalu. Ena anayang'ana pansi, ndipo ndikudziwa kuti zinawapweteka, koma palibe amene ananyamuka.

Ndinathamangira kudoko opanda nsapato, matope ouma akundicheka kumapazi. Ndinalimva ndisanalione. Bwato likamawazidwa limalira ngati ng'oma, chifukwa m'kati ndi mopanda kanthu. Nditafika anali atadula kale kutsogolo. Msodzi uja anaima chapatali manja ali kumutu, poti nayenso chakudya cha ana ake chinali momwemo. Ndinagwira mpini wa nkhwangwa. Alamu anandichotsa manja mofatsa, chala chimodzichimodzi.

"Alamu, bwererani m'nyumba," anatero. "Bwatoli ndi la mng'ono wanga. Mukufuna anunkhe pakhomo chifukwa cha chikuni?"

Anawonjezera kuti linali lakale, linkalowa madzi, ndipo zinthu zikawayendera adzatigulira lina. Ndinawauza mawu amene amuna anga anandisiyira. Anati munthu wodwala amanena zambiri. Mnansi wanga anali atanditsatira, anandigwira m'chiuno n'kundibweza, ndipo njira yonse ng'oma ija inkalirabe kumbuyo kwathu.

Bwatolo linayaka bwino. Mbawa wa zaka zambiri, wolimba, moto wake wopanda phokoso. Nyemba zinapsa mwamsanga, adzukulu anadya, anatola makasu, ndipo amuna anga tinawaika dzuwa lisanalowe. Pa chimenechi ndimathokoza, anagona mwaulemu, nyimbo zinayimbidwa zonse. Ndinamva anthu ena akudandaula kuti nyemba zikununkha phula. Koma mbale zinabwera zopanda kanthu.

Chimene chimandibayabe ndi ichi. Pophika nyembazo panangofunika mbali ya kutsogolo yokha. Koma amuna aja atayamba sanaleke, anawaza lonse mpaka kumbuyo. Pobwera kumanda ndinaona azimayi akubalalika, aliyense chidutswa m'khwapa atachiphimba ndi chitenje, ati zotsala za pamaliro. Amayi apampando anasenza chachikulu, cha m'mbali, osabisa n'komwe. Ine anandisiyira mulu wa njedza. Ndinaphikira mpaka mvula yoyamba, ndipo ndinene zoona, inandithandiza.

Tsiku lachitatu ndikuwola phulusa ndinapeza chigamba cha chitini chija, chitada, mabowo a misomali ali pomwepo. Ndinachitsuka. Chili kunsi kwa bedi, pamene pankakhala nkhuni zinayi zija.

Alamu sanagule lina, ndipo sindiwafunsa. Ngakhale akanafuna, mtengo wotero akaupeza kuti? Panopa ndimadzuka m'mawa kupita ku Kachulu kukatembenuza matemba a anthu pamathandala, ndipo nsomba zikachepa ndimasenzera nkhuni owamba milamba, kuchokera panjinga kufika pa uvuni. Tsiku lonse nkhuni zili pamutu panga, madzulo ndimabwera ndi makungwa amene agwa pansi, ngati mwini wake ali wabwino mtima. Mwana wanga wamkulu, mtsikana, anali atakhoza mayeso a Sitandade 8. Ali ku Zomba, akugwira ntchito ya m'nyumba. Anandiuza pafoni kuti kumeneko amaphikira magetsi, koma abwana ake amazimitsa okha mphika ukangowira, ati mayunitsi akutha.

Ine ndi mnansi wanga tinagwirizana kuti moto ukhale umodzi. Timasonkha pakati pa nyumba zathu, mphika wake ukatsika wanga ukwere, tsiku lina wanga uyambe. Mwezi wa Ramadani, iye ali pa kusala, amasonkhabe masana chifukwa cha ana anga awiri akabwera kusukulu ine ndili ku Kachulu. Sindinamupemphe. Ndikamuthokoza amandiuza kuti ndisiye zimenezo, ndibweretse mchere. Mayi ameneyu Mulungu anandipatsa, ndipo dzina lake ndimalitchula m'pemphero ndisanatchule langa.

Kumaliro ndimapitabe. Ndimapita ndi nkhuni ziwiri zenizeni, ndipo tsiku limenelo kunyumba timadya mbatata yozizira ya dzulo. Amayi apampando amalandira, amati zikomo achemwali, n'kuziika pamulu. Lamlungu timakhala benchi limodzi. Pemphero likafika pa mawu okhululukira anzathu, pakamwa panga pamauma, koma ndimanena ndithu, chifukwa nanenso ndinanama ndipo ndikufuna kukhululukidwa. Kaya tsiku lina mtima udzatsatira pakamwa, ndasiyira Mwini wake.

Inu amene mwawerenga izi, mukamasonkha moto kwanu, kaya ndi wa nkhuni, wa makala kapena wa magetsi, mutikumbukireko pamene mukudikira kuti mphika uwire. Mukumbukire ana awiri amene ali pakhomo pano, ndi mchemwali wawo ali m'khitchini ya eni ake ku Zomba, kuti chaka chamawa abwerere kusukulu. Mukumbukirenso msodzi uja, amene tsopano amakoka khoka la anthu ena. Ine ndikhale womaliza.