Chithunzi cha a Kaliza

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi asisiteri a ku Kabwazi, kumene ndinaphunzira. Anamva kuti kanyumba kena koonetsera zaluso ku Dedza kakufuna munthu wodziwa za Fesibuku, ndiye ananditumiza ndi kalata. Bambo Mwale, oyang'anira malowo, anandipatsa foni, chaja ndi nsalu yakuda yotchinga kumbuyo pojambula.

M'mawa ndinkapukuta fumbi paziboliboli, n'kuziika pafupi ndi zenera kuti ziwale bwino, n'kujambula. Pansi pa chithunzi ndinkalemba dzina la wosema, mudzi wake ndi mtundu wa mtengo umene wasema. Netiweki ikavuta ndinkakwera pachulu kuseri kwa nyumba. Sindinachedwe kuona kuti chithunzi chokhala ndi nkhope ya mmisiri anthu amachigawana kwambiri kuposa cha chosema chokha.

Tsiku lina a Kaliza, wosema wa ku Mphunzi, anabweretsa chigoba cha Gule Wamkulu chimene tinawapempha. Ali kuseri kumalizitsa utoto, anachiyesa kumaso, kenako n'kuchikankhira pamphumi. Ine ndajambula, ndaika kale pa Fesibuku. Ndinadziona katswiritu!

Pofika masana ndemanga zinali mbwee. Bambo Mwale analowa ali wefuwefu. "Iwe Aginesi, fufuta msanga! Ukufuna kuwaphetsa a Kaliza?"

Ine ndinakulira kumishoni. Zoti gule ali ndi chinsinsi ndinkadziwa, koma sindinaganize kuti chinsinsicho chimafika mpaka pafoni. Kumudzi chilombo cha gule si munthu ayi, chimachokera kumanda. Tsono ine ndinali nditaonetsa amayi ndi ana osalowa gule kuti pansi pa chigoba pali a Kaliza.

Ndinafufuta, koma chithunzicho chinali chitafika kale ku Mphunzi pa Watsapu. Akuluakulu a kudambwe anawaitanitsa a Kaliza. M'mawa mwake ine ndi bambo Mwale tinapita kukapepesa. Amene ankalankhula anali bambo Mwale, ine nditakhala pansi chapatali, manyazi atandigwira. Akuluakuluwo anawakhululukira a Kaliza, koma anawaletsa kusemanso chigoba chilichonse, ntchito imene anaigwira kuyambira unyamata wawo.

Tikubwerera, a Kaliza anangondiuza kuti, "Mwana wanga, ukanangondifunsa."

Mpaka lero sindiika chithunzi mwini wake asanachione n'kuvomera. A Kaliza amabwerabe, koma ndi zipande ndi timitondo. Timapatsana moni bwinobwino. Akangoona ndatulutsa foni, amatembenukira kukhoma.