Sindinamuitane Potuluka Mumsika

Pali chinthu chimene sindinauzepo bambo a mwana wanga, kapena apongozi anga, ngakhale ansembe polapa. Mwana wanga ali ndi miyezi inayi, ndinamusiya mumsika wa Ndirande masiku atatu. Thupi lake ndinabwera nalo kunyumba, nditalibereka bwinobwino. Mundimvetsere kaye.

Apongozi anga ndi a ku Nsanje. Anabwera kwathu ku Chemusa nditangochira, kudzandithandiza mwana. Anali ndi lamulo limodzi limene ankalibwereza tsiku lililonse: ukamachoka ndi khanda pamalo pa anthu ambiri, uziliitana ndi dzina lake, "Uje, tiye kwathu, usatsale." Ankati mzimu wa khanda sukhala utakhazikika m'thupi, umangotsatira chilichonse chousangalatsa. Ine ndinkayankha kuti "Chabwino amayi," koma mumtima ndikuseka. Munthu wa setifiketi ya ku koleji, wosaphonya sikelo, ndiziyankhula ndekha pamsewu?

Tsikulo apongozi anandituma mlamba wowamba ku Ndirande. Amene akuudziwa msikawo akudziwa kuti nsomba zabwino sizikhala kumsewu. Umalowa mkati, kudutsa a tomato, a makala, a nkhuku zomangidwa miyendo, mpaka tinjira tipanikizane, malata akumane pamwamba, dzuwa lisowe. Kumeneko ndiye kumsika wakale, kumene amayi anga ankagula akadali mtsikana. Mabenchi ake ndi akuda, osalala ndi manja a anthu amene ambiri anatisiya kale.

Ndinaima pa benchi ya mayi wina wa magalasi omangidwa ndi waya. Ndikusankha nsomba, mwana anaseka kumbuyoku. Kuseka kwenikweni, kotulutsa mawu, koyamba m'moyo mwake. Ndinamutembenuzira kutsogolo kuti ndione nkhope yake. Sankayang'ana ine, sankayang'ananso mayiwo. Maso anali pansi pa benchi, pamene panali dengu lopanda kanthu ndi mdima basi.

"Akuseka ndi anzake," anatero mayiwo, osakweza n'komwe mutu. "Amake mwana, potuluka mumuitane."

"Mwayankhula ngati apongozi anga," ndinatero.

"Ndiye kuti apongozi anu ali ndi nzeru. Inu a ma handibagi mumavuta."

Tinaseka. Kenaka mvula inayamba kumenya malata, anthu n'kumakuwa, kukoka mapepala apulasitiki kufunditsa katundu. Ndinathamanga. Zomuitana mwana ndinakumbukira ndili kale m'minibasi.

Nditafika, apongozi anandilandira mwana n'kufunsa, "Mwamuitana?"

"Eee amayi."

Bodza lake ndi limeneli.

Kuyambira madzulo amenewo mwana anangoti zii. Osalira, osaseka. Kuyamwa ankayamwa, koma ngati akugwira ganyu. Ukamusambitsa madzi ozizira, osadzidzimuka. Maso otsegula, koma ukawayang'ana zinali ngati ukusuzumira m'nyumba imene eni ake asamuka. M'mawa mwake ndinapita naye kuchipatala. Anamuyeza malungo, anamumvera pachifuwa, anandiuza kuti mwana ali bwino, nkhawa ndi yanga. Bambo ake anati ndithokoze Mulungu, ena ana awo sawagonetsa tulo. Apongozi ankangondiyang'ana ndikamadutsa.

Tsiku lachitatu ndinanama kuti adokotala anati ndibwererenso. Ndinabereka mwana, ulendo wa ku Ndirande.

Mayi aja anali pomwepo, akuingitsa ntchentche. Sanadabwe.

"Mwachedwatu," anatero. "Wakhala akusewera pansi apa. Dzulo analira pang'ono."

Ndinafunsa kuti nditani.

"Gwadani, mumuitane. Koma mutchule dzina, mokweza. Pansi apa alipo ambiri, amene amayi awo sanabwerenso. Mukangoti 'tiye', aliyense ayesa mukunena iye."

Ndinagwada m'matopemo, fungo la nsomba lili m'kamwa. Nditangotsegula pakamwa, ndinamva mawu kumbuyo kwanga: "Aa, asisi, mwataya chiyani?" Anali mayi wa mumphakati wathu, amene timaimba naye kwaya Lamulungu, jumbo la usipa lili m'manja. Manyazi anandigwira. Ndinaona kale nkhani ikuzungulira tchalitchi chonse, kuti uje amaitana mizimu mumsika.

"Ndolo," ndinatero. "Yagwera pansi apa."

Anawerama kuti andithandize kufuna. Mutu wake uli pafupi ndi wanga, ndinangonong'ona, milomo yokha: "Tiye. Tiye kwathu."

Dzina sindinatchule.

Pomwepo mwana analira kumsana kwanga. Kulira kwamphamvu, kokwiya, mpaka ogulitsa anatembenuka. Misozi inanditsika. Mnzanga wa kwaya anati, "Ndolo yokhayo, asisi?" Nditadzuka ndinayang'ana mayi a magalasi aja kuti andiuze kuti zatheka. Sanamwetulire. Anayang'ana mwana, kenaka anayang'ana pansi, pambali pa mwendo wanga, nthawi yaitali. Anatembenukira kasitomala wina.

Potuluka m'tinjira tija, chitenje changa chinkalemera mbali imodzi, ngati pamene kamwana kakugwira m'mphepete kuti kasasochere. Mwina anali matope. Ndimadziuza choncho.

Pano mwana ali ndi zaka ziwiri ndi theka. Ndi wathanzi, wolongolola, amafanana ndi bambo ake mphuno ndi mayendedwe omwe. Apongozi anabwerera kwawo ali okondwa. Kumsika kuja sindinapondekonso, mlamba ndimagula ku Limbe.

Koma ndikamupatsa mandasi, amanyema pakati, chidutswa china n'kuchiika pansi pa tebulo. Ndikamusambitsa amasendera mbali imodzi ya beseni, kusiya malo. Ndipo tikamatuluka m'nyumba, kaya kupita ku Misa kaya kokatunga madzi, amaima pakhomo, n'kucheukira m'chipinda mopanda munthu, n'kunena ndi kamawu kake, "Tiye." Palibe anamuphunzitsa. Bambo ake amaseka, amati ana onse amatero.

Nthawi zina ndimaganiza zoimbira apongozi foni, ndiwauze zonse. Koma ndikudziwa chimene adzanene: tibwerere kumsika, tikasiye amene si wathu. Ndiye mantha anga ali pamenepo. Tikakagwada pa benchi ija, n'kuyamba kusankha wotsala ndi wobwera, ndani akunditsimikizira kuti wobwerayo adzakhala wanga?

N'chifukwa chake ndangokhala chete, chidutswa cha mandasi chija ndimasesa m'mawa munthu asanachione. Amayi anzanga, inu amene munaberekapo khanda mumsika, ndiuzeni: ndachita bwino?