Kobiri Lopanda Njovu

Mayi anga aang'ono anali ndi kobiri limodzi la nthawi ya atsamunda, lija lamkuwa loboola pakati. Ankalimangirira pa chingwe cha m'chiuno, mkati mwa chitenje. Anabereka kamodzi kokha, mwana wamwamuna wa mchombo wotuluka, ndipo azimayi akuluakulu anamumanga kobirilo pamchombo ndi kansalu kuti ubwerere mkati. Mwanayo sanakhalitse. Tizovala take anagawana ena, koma kobiri linatsala ndi mayi ake, ndipo china cha mwanayo analibe.

Anali pa chitengwa, kwawo kwa amuna awo, kumunsi kwa phiri la Chongoni. Ine ndinkaphunzitsa ku Bembeke ndipo Loweruka ndinkapalasa njinga kukawasiyira kamchere ndi sopo. Bambo aang'onowo sindinawakondepo, ndipo sindiyamba lero chifukwa choti anamwalira. Anali munthu woti akamwetulira, galu amakalowa kunsi kwa nkhokwe.

Chaka china kunamveka mphekesera yoti ku boma kwabwera munthu wogula makobiri oboola. Ena ankati limodzi lokha ugula malata a nyumba yonse, ena ankati njinga yamoto. Anthu anakhuthula masutukesi, ena mpaka kukumba m'mabwinja. Bambo aang'ono sanavutike ndi khasu. Anadikira akazi awo atawerama pamtondo, nadula chingwe chija ndi mpeni wosendera kachewere. Ndinafika mayi ali pansi, dzanja lili m'chiuno pamalo opanda kanthu, osalira.

"Mwafika bwino, aphunzitsi," anatero bambowo. "Tiyeni mukandiwerengere Chingerezi, asakandibere."

Ndinapita, poganiza kuti mwina ndikapeza mpata wolibweza.

Wogulayo anali atayala kansalu patebulo pakhonde la sitolo. Anali ndi kagalasi kokulitsa zinthu, ndipo ankalankhula mosathamanga ngati wodwala dzino. Anatiuza kuti kobiri la mtundu uwu limakhala ndi njovu ziwiri zoimirira, bowo lili pakati pawo, ndipo kuseri kumakhala chaka. Iye amayamba kuyang'ana makutu ndi minyanga ya njovuzo, chifukwa ndizo zimafufutika msanga. Zikamaoneka, ndiye labwino. Njovu zikatsala mthunzi chabe koma chaka n'kumawerengeka, ndiye lapakatikati. Ngakhale labwinolo, anatero, malata silingagule, chifukwa makobiriwa anapangidwa ambirimbiri.

Lathu analiyesa kulemera padzanja, nalitembenuza, naliyang'ana pagalasi nthawi yaitali.

"Kobiri ndi lenileni," anatero. "Koma njovu zinapita, chaka chinapita. M'thumba kobiri silitha chonchi, bambo. Ichi ndi chala cha munthu. Amalisisita ndani?"

"Ndiye mupereka zingati?"

"Ngakhale nthochi sindingakupatseni. Kakhomereni malata, limagwira bwino msomali."

Munthuyo ankangoseka, koma bambo aang'ono mawuwo anawasunga. Ndinawapempha kuti andigulitse ine. Anandiyang'ana, naliika m'thumba la jekete. Njira yonse ine ndinali ndi mantha, chifukwa ndinkawadziwa kuti akachita manyazi kunja amakalipiritsa wa kunyumba.

Titafika anaitana alongo awo awiri amene ankatongola chimanga pakhomo loyandikana.

"Bwerani mudzaone zodabwitsa. Mkazi uyu chilichonse akachigwira chimafa. Mwana anafa. Lero ndamva kuti waphanso njovu ziwiri ndi chala."

Alongowo anaseka, wina atatseka pakamwa ndi chitenje. Mayi anagwada, natambasula manja onse awiri ngati akulandira ukaristia.

"Popeza n'lopanda ntchito, ndipatseni, bambo."

"Ntchito ilipo."

Chitseko cha chimbudzi chinali chopendekeka. Chinkagwira ndi mphira wa tayala, ndipo msomali wapamwamba unali utabowola mphirawo n'kutulukira. Bambowo anatenga hamala, nalowetsa msomali watsopano pabowo la kobiri, nakhoma. Anazungulira kuseri n'kupinda nsonga yake. Kenako anatsegula ndi kutseka chitsekocho kangapo, akumwetulira.

"Mwaona? Lero ndiye lagwira ntchito pakhomo pano."

Ndinawalalatira mawu amene mwana sauza mkulu, ndipo sindinong'oneza bondo. Iwo anangoti ndisiye mchere ndizipita. Ndinapalasa njinga, misozi ya mkwiyo ikuuma ndi mphepo ya m'phiri.

Loweruka lotsatira ndinabwera ndi hamala yanga m'chikwama. Ndinadikira bambowo atapita kumowa, ndipo ndinalunjika kuchimbudzi kuja. Kobiri linali litapindika pang'ono m'mphepete, koma wina anali atalipukuta fumbi. Nditangokoletsa hamala pamsomali, mayi anandigwira mkono. Mphamvu zimenezo sindinkadziwa kuti ali nazo.

"Usazule, mwanawe."

"Ndi lanu ili, mayi. Ndikakusungirani ku Bembeke, sadzalionanso."

"Akakapeza palibe, adzandifunsa ndi ndodo mpaka ndinene, ndiye adzaponya m'dzenjemu." Anasuzumira kunjira ngati kukubwera munthu, kenako anatsitsa mawu. "Tsiku limene mwana wanga anamwalira, anakamutaya okha azimayi, ine ananditsekera m'nyumba. Anati wakhanda samulira, ndipo malo ake sanandionetse mpaka lero."

Ndinatsitsa hamala. Anakonza chitenje chawo, nakankha chitseko pang'onopang'ono kuti chisamenyetseke.

"Msiye pompo," anatero. "Apa ndiye ndikudziwa pamene ali."