Nsungwi Imene Ndinanyowetsa Dala

Pamene ndinkagwira ntchito ku ofesi ya boma ku Vila Cabral, ndalama zinangokwanira ntchito imodzi: kukonza msewu wa kwathu ku Chimbonila, kapena kukumba mchenga umene unkatseka polowera mabwato kunyanja ku Meponda. Mzungu wathu anandipatsa nsungwi kuti ndikayeze kuya kwa madzi polowerapo.

Ine ndine wa kumapiri, madzi ndimawaopa. Nditangoponda bwato la msodzi wina, Che Amisi, linagwedezeka, ndipo ndinabweza phazi.

"Kwerani, achimwene," anatero.

"Ndaona kale ndili pompano," ndinayankha.

Atatembenuka, ndinagoneka nsungwi m'madzi kuti inyowe yonse. Ku ofesi ndinakanena kuti ndi pakuya. Msewu unakonzedwa, kwathu anandivinira.

Kenaka mzungu uja anafuna kuyendera nyanja pa boti, nanditenga. Pobwerera boti linatitimira mumchenga uja, ndipo anandilamula kuti ndimubereke mpaka kumtunda. Ndinatsika nditatsinzina, ndikupemphera. Madziwo analekeza m'mawondo.

Asodzi anaseka mpaka kukhala pansi. Che Amisi anandiyandikira n'kunong'ona kuti, "Mungamire, achimwene. Gwirani mkono wangawu."

Mchengawo anadzaukumba chaka chotsatira. Koma chimene chimandichititsabe manyazi n'chakuti mkonowo ndinaugwiradi.