Tayala la pikiapu ya kachewere

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza pamaliro. Ndinali nditakhala pakhomo zaka ziwiri, satifiketi yanga ya zokonza magalimoto ili m'sutikesi, mwana ali kumsana, bambo ake atapita ku Joni n'kusiya kuyankha foni. Pamaliro a azakhali anga ku Nzama, amayi anandikokera kwa bambo wina waimvi amene ankasamba m'manja kuseri kwa nyumba. Anali a Ngozo, amene anagwira ntchito ku mgodi limodzi ndi malemu bambo anga. Tsopano anali ndi malo okonzera matayala pa Lizulu, m'mbali mwa msewu waukulu.

"Uyu ndi Namaseko, mwana wa anzanu aja," amayi anatero. "Anaphunzira za magalimoto."

"Abwere Lolemba," a Ngozo anayankha. "Ndimuyesa mwezi umodzi. Akalakwitsa chachikulu abwerera kwanu, ndipo tisadzadane."

Malowo anali shedi ya malata, majeke awiri, kompuresa yofiira yokhala ndi thanki ya mpweya, ndi chida chimene aliyense ankangochitcha mfuti. Mfutiyo imayendera mpweya wochokera m'thanki kudzera m'paipi ya labala. Kutsogolo kwake mumavekako soketi yolingana ndi nati, mumakankha kabatani kosankha kumasula kapena kumanga, kenako mumafinya. Nati imene amuna awiri angaidumphire pa sipanala imachoka ngati chimanga chouma pa chitsononkho. Ku koleji tinkangoiona pa chithunzi.

A Ngozo anandiphunzitsa ndondomeko yawo tsiku loyamba lomwelo. Pobwezera tayala, nati iliyonse uyambe kuilowetsa ndi zala, katatu, kuti isalowe mopingasa n'kudya mazinga. Ukatero umange ndi mfuti modumphitsa, iyi kenako ya tsidya lake, kuti tayala likhale bwino. Utsitse jeke. Galimoto ikaponda pansi, utenge sipanala ya mtanda imene inkapachikidwa pa msomali wa pakhomo, umalizitse nati iliyonse ndi mkono wako.

"Mfuti imangopanga phokoso," ankatero. "Mkono ndiye umadziwa."

Milungu itatu inayenda bwino, ngakhale kuti ndinkagona ndi mantha. Madalaivala ena ankakana kuti ndigwire galimoto zawo. Ena ankaima pambali n'kumaseka: "Achemwali, chimenecho si musi!" Mwana wanga Tadala, wa miyezi isanu ndi inayi, ndinkamusiya kwa a Nabanda, mayi wogulitsa kabichi pafupi ndi shedi yathu. Ndinkapita kukamuyamwitsa pakakhala mpata, manja akununkha girisi.

Sabata yachinayi, tsiku la msika, kunabwera pikiapu yoyera itadzaza matumba a mbatata ya kachewere, pamwamba pake patakhala amayi asanu ndi katundu wawo. Inkapita ku Sharpevale kudzera msewu wokhotakhota uja wotsika phiri. Tayala la kumbuyo kumanzere linali litaphwa. A Ngozo anali otanganidwa ndi lole, ndiye anangondilozera ndi chibwano.

Amayi aja anatsika. Ndinamasula, ndinamata chubu, ndinapopa, ndinabwezera. Ndikulowetsa manati ndi zala, magetsi anathima, kompuresa n'kukhala chete. Sizinandidetse nkhawa, poti m'thanki mumatsala mpweya. Ndinamanga manati onse sikisi ndi mfuti, ndipo pa iliyonse inagogoda, tatatata, monga imachitira nati ikafika. Chimene sindinaganize n'chakuti matayala a lole ya a Ngozo anali atamwa kale mpweya wambiri. Mfuti ikachepekedwa mpweya imagogodabe chimodzimodzi, koma mphamvu ilibe.

Ndikutsitsa jeke, a Nabanda anafika akuthamanga, Tadala ali m'manja.

"Amake mwana, tamugwireni uyu! Thupi lili ngati mbaula, ndipo wasanza kawiri."

Ndinamulandira. Mutu wake unanditentha pakhosi. Ndinamva dalaivala akufunsa kuti, "Zatheka, sisi?" ndipo ndinayankha kuti eya osatembenuka n'komwe. Amayi aja anakwera, pikiapu inanyamuka.

Ndinakakhala pa tayala lakale pambali pa shedi, ndikuyesa kumuyamwitsa. Ankakana bere. Ndipamene maso anga anagwera pa msomali wa pakhomo. Sipanala ya mtanda inali pomwepo, pamene ndinaipachika m'mawa. Ndinayang'ana geji ya pa thanki. Singano inali itagona pansi.

Apa ndiye pamene ndiyenera kunena zoona. Sindinadzuke nthawi yomweyo. Ndinakhala. Mumtima ndinkati mwina manati agwira ndithu, mfuti inagogoda. Ndinkati misewu yathu ndi yoipa, tayala likachoka ndani angadziwe kuti ndi ine? Kwatsala masiku anayi kuti mwezi ukwane. Ndikanena, ndibwerera kwa amayi ndi mwana wodwala. Ndinakhala choncho mwina mphindi khumi, ndikumugwedeza Tadala, pikiapu ikutalikira. Kenako ndinakumbukira kuti mmodzi mwa amayi aja, wa chitenje chobiriwira, anali ndi khanda kumsana, laling'ono kuposa wanga, ndipo anakhala pa thumba la pamwamba pa tayala lomwelo.

Ndinapita kwa a Ngozo.

"Bambo, pikiapu ija sindinamalizitse ndi sipanala. Ndipo mpweya unali utatha."

Anayang'ana geji, anayang'ana ine. Sanakalipe. Anatulutsa njinga yawo yamoto yakale kuseri kwa shedi.

"Mwana musiyire a Nabanda. Tenga sipanala. Manati ako ukamange wekha."

Nambala ya dalaivala panalibe amene anali nayo. Tadala ankalira pamene ndinkamupereka, ndipo kulirako ndinakumva mpaka titadutsa matebulo a tomato. Ndinakumbatira sipanala pachifuwa ndi dzanja limodzi, lina nditagwira jekete ya a Ngozo. Pa khona iliyonse ndinkayembekezera kuona kachewere atamwazikana mumsewu ndi zitenje m'ngalande. Ndinkapemphera mokweza, mawu osalongosoka. Titapatuka pa msewu waukulu kulowera kotsetsereka, ndinaona nati imodzi ikunyezimira pa phula. Sindinawauze a Ngozo. Anali ataiona kale, chifukwa anawonjezera moto.

Pikiapu ija tinaipeza pa khona yachitatu, ikutsika pang'onopang'ono chifukwa cha kulemera. Tayala lija linkavina, ndipo ngakhale tili kumbuyo tinkamva kugogoda kwake. A Ngozo anaimba hutala, ine ndikukupiza sipanala m'mwamba ngati wamisala, mpaka dalaivala anaima.

"Mwaiwala chenje kodi, madala?" anafunsa akuseka.

Ndinagwada pa tayala. Manati awiri panalibe. Atatu ndinawazungulitsa ndi zala zokha. Imodzi yokha ndiyo inali itagwira, ndipo inali yotentha moti inandiwotcha. Kutsogolo kwathu msewu unkakhotera kumanja, kumanzere kuli phompho.

Dalaivala atawona, kuseka kunatha. "Ndinanena ine! Za akazi pa galimoto! Mukanatipha, mayi inu!"

Amayi aja anatsika, ena akulira, ena akunditukwana. Tinaika miyala kumatayala, tinakweza ndi jeke ya dalaivala. A Ngozo anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa manati awiri, n'kundipatsa. Ndinalowetsa ndi zala, ndinamanga modumphitsa, tinatsitsa, ndinamalizitsa ndi mkono mpaka phewa linalira. Kenako ndinazungulira matayala ena atatu, ngakhale sindinawagwire m'mawa.

Wa chitenje chobiriwira uja sanatukwane nawo. Anangondiyang'ana pachifuwa, pamene mkaka unali utanyowetsa ovolosi yanga.

"Wanu mwamusiya kuti?"

"Ku Lizulu. Akudwala."

"Ndiye mukuimiranji pano? Pitani."

Tinabwerera ku Lizulu. A Ngozo anatitengera ine ndi Tadala kuchipatala pa njinga yomweyo, ndipo mwanayo anapezeka ndi malungo. Tikutuluka ndi mankhwala, ndinawafunsa ngati ndibwere mawa kudzatenga zinthu zanga.

"Ku mgodi," anatero, "amene tinkamuopa si wolakwitsa. Tinkaopa wolakwitsa n'kukhala chete. Ubwere mawa. Koma mfuti suigwira mpaka mvula itagwa. Uzimasula ndi mkono, uzimanga ndi mkono."

Unali mwezi wa Ogasiti. Manja anga anachita matuza, matuzawo anaphulika, pamalo pake panamera zikang'a. Ndinakhala pa shedi ija zaka zinayi.

Lero ndikamaphunzitsa munthu ntchitoyi ndimamuuza ziwiri. Magetsi akathima, yang'ana geji usanakhulupirire phokoso la mfuti. Ndipo galimoto isachoke usanagwire nati iliyonse ndi sipanala, kaya akukuitana ndani, kaya ndi mwana wako.

Chachitatu sindimuuza aliyense. A Ngozo anamwalira akukhulupirira kuti ndinathamangira kwa iwo nditangozindikira. Za mphindi khumi zija, zimene ndinakhala pa tayala ndikuwerengera masiku anga anayi, mayi wina akutsika phiri ndi khanda lake, sindinawauze. Ndazilemba pano koyamba.