Kananzikambe ka pa Sapitwa

Ndili pamwamba pa phiri la Mulanje, wopanda nsapato, ndipo nkhungu yandifika m'chiuno. Mitengo yonse yapsa, wangotsala mkungudza umodzi. Patsinde pake pakhala mwana wanga Tadala, amene tidamuika m'manda chaka chatha, atavala juzi yake yofiira ija. M'manja mwake muli kananzikambe kakafupi kuposa chala chake.

"Kameneka kulibenso kwina, Amayi," akutero. "Mukatsika nako kumudzi kamafa."

"Nanga iwe?"

Akungokasisita pamsana.

Pathanthwe pali nthochi zakupsa, zosendasenda kale. Mwambo wa phiri lino ndikuudziwa: ukapeza chakudya umadya wekha, osaitana mnzako. Ndikuluma imodzi. Mwana wanga waonda, milomo yake yauma ngati tsiku lomaliza lija. Mayi angadye bwanji mwana akuyang'ana?

"Tadala, bwera udye, mwana wanga."

Akundiyang'ana monga ankachitira ndikamuchititsa manyazi pamaso pa anzake.

"Amayi, mwandiitaniranji?"

Nkhungu yayamba kumumeza kuyambira kumapazi. Ndikuti ndithamange, koma miyendo yanga ikuyenda ngati ya nanzikambe, kuponda kutsogolo, kubwerera m'mbuyo. Pomwe ndikufika patsinde paja, Tadala palibe. Kananzikambe kaja kakukwera m'dzanja langa, kozizira, ndipo kakusanduka pang'onopang'ono mpaka kufiira ngati juzi ija. Pakamwendo kake pali ngakhale kachigamba kamene ndidasoka pachigongono ndi ulusi wakuda.

Ndadzuka dzanja lili chitambasulire, ndipo mpaka pano ndikuopa kulifumbata.