Mfuti Inandipulumutsa, Pakamwa Panandimangitsa

Inu owerenga, ine ndinawombera munthu. Ndayamba ndi mawu amenewa kuti musavutike n'kunong'onezana, poti ena a inu a ku South Bend kuno nkhaniyi munaimva kale, yothira mchere. Za kuwomberako sindipepesa, chifukwa ndikanapanda kutero mwina bwenzi ine ndi mwana wanga tili m'manda. Chimene ndinalakwitsa ndi zimene ndinayankhula apolisi atafika. Pakamwa pangapa panatsala pang'ono kundilekanitsa ndi mwana wanga Tamanda mpaka kalekale.

Ndine mayi wa mwana mmodzi, bambo ake tinasiyana iye ali wakhanda. Ndili ndi giriini khadi, chiphaso chondilola kukhala kuno ku Amereka, ndipo ntchito yanga inali yosamalira okalamba m'makomo mwawo. Panali agogo ena achizungu amene ndinkawasambitsa, kuwaphikira ndi kuwamwetsa mankhwala, ndipo tinkakondana ngati pachibale. Agogowa anali ndi mwana wamwamuna, bambo wandevu zake ndithu, amene ndimutchule kuti Dereki ngakhale si dzina lake. Ndinayamba kuona kuti mankhwala opha ululu a agogo akutha msanga, eni ake n'kumabuula. Tsiku lina ndinamupezerera Dereki akuwakhuthulira m'thumba la jekete. Ine sindidziwa kubisa, ndinakanena ku kampani imene inandilemba ntchitoyo.

Kuchokera pamenepo mtendere unatha. Dereki ankanditsatira pa galimoto ndikaweruka, mpaka anadziwa pakhomo panga. Ankaimika galimoto tsidya la msewu n'kumangoyang'ana. Ndinakanena kupolisi, anamuchenjeza, anasiya pang'ono n'kuyambiranso. Achimwene anga, amene amakhala ku Speedway ndipo ndi nesi pachipatala china ku Indianapolis, anandiuza kuti ndisamukire kwawo. Ndinakana. Ndithawe nyumba yanga chifukwa cha wakuba mankhwala a mayi ake? M'malo mwake ndinagula mfuti motsata malamulo, ndinakaphunzira kagwiridwe ndi kasungidwe kake. Koma zoti ukaigwiritsa ntchito unene chiyani, sindinafunse aliyense. Safunsa anadya phula, ine ndinadya ndi njuchi zomwe.

Linali Loweruka masana, kunja kukugwa sinowo. Ndinkamuluka tsitsi Tamanda pabalaza, ndipo ndinali nditamaliza mbali imodzi yokha ya mutu. Tinangomva chitseko chakuseri chikumenyedwa ndi chitsulo. Ndinamuuza Tamanda kuti athamangire kuchipinda akaimbe 911, nambala ya zangozi, ine ndinatenga mfuti. Chitseko chinathyoka, Dereki analowa m'khitchini atanyamula chitsulo chomasulira matayala, maso ali psu. Ndinamuuza kuti aime. Sanaime. Ndinawombera, anagwa atagwira ntchafu. Sanafe, ndipo ndimayamika Mulungu kuti sanafe. Ndinaika mfuti patebulo, ndinatenga thaulo n'kumumanga pabala kufikira ambulansi inafika.

Mpaka pamenepo ndinali ndisanalakwitse kanthu. Kulakwa kunayamba apolisi atandikhazika pampando.

Mukudziwa mmene tinaleredwera kwathu. Wamkulu akakufunsa suyankha mwachidule, umafotokoza kuyambira pamene nkhani inayambira. Kukhala chete pamaso pa munthu waudindo n'chipongwe, ndipo amene wayamba kufunsa za loya timati akudziwapo kanthu. Komanso magazi akakhetsedwa, ngakhale wolakwa si iwe, umadzichepetsa n'kunena kuti ndalakwa, kuti mitima izizire. Zonsezi zinali m'magazi mwanga. Wapolisi anandiwerengera ufulu wanga, kuti ndikhoza kukhala chete, kuti zimene ndinene zikhoza kukagwiritsidwa ntchito kukhoti. Ndinagwedeza mutu mwaulemu ngati akundipatsa moni, kenako ndinatsegula mpopi.

Ndinayambira pa mankhwala a agogo. Ndinafotokoza mmene tinakanganirana, ndi kuti tsiku lina nditapsa mtima ndinamuuza kuti akadzapondanso pakhomo panga adzaona polekera. Palibe anandifunsa zimenezo, ndinapereka ndekha ngati mbasela. Anandifunsa chifukwa chimene ndinagulira mfuti, ndinati ndinagulira iyeyu. Anandifunsa kuti ndinawombera kangati, ndinati kamodzi, chonsecho kanali kawiri. Sindinkanama, mutu unali utazungulira, koma ndinkaona kuti kunena kuti sindikukumbuka n'kupanda ulemu. Anandifunsa kuti anali patali bwanji, ndinangolota. Ndipo pakati pa zonsezi ndinkangobwereza kuti ndalakwa, andikhululukire, ndachita chinthu choipa.

Tamanda anali ataima pakhomo la chipinda, tsitsi mbali ina loluka, mbali ina lili nyankhalala. Mwana ameneyu anakulira kuno. Chichewa amamva chonse koma amayankha m'Chingerezi, ndipo ndinali nditatopa n'kumukakamiza. Tsiku limenelo, pofuna kuti apolisi asamve, anayankhula Chichewa chake chopindikacho.

“Amama, khalani chete. Nenani mukufuna loya.”

Ine ndinamuyang'ana ndi diso lija amalidziwa ana onse a Chimalawi. “Iwe, akuluakulu akamayankhula umalowerera? Bwerera kuchipinda.”

Anabwerera akulira. Ine ndinapitiriza kudzikumbira dzenje.

Ananditengera kupolisi, ndipo kumeneko ndinafotokozanso kachiwiri, akurekoda. Nkhani yachiwiriyi inasiyana pang'ono ndi yoyamba, monga zimakhalira munthu akatopa. Ananditsekera. Achimwene anadiraiva kuchokera ku Speedway kudzatenga Tamanda, anapita naye tsitsi lili chomwecho.

Mwina mukuti apa ndiye ndinaphunzira. Ayi ndithu. Ndili m'chitokosi ndinapatsidwa mwayi woimba foni, ndipo ndinaimbira amayi ena achikulire a kumpingo kwathu. Ndinawapempha kuti achite zimene timachita kwathu: apite kuchipatala akamuzonde Dereki, akafikenso kwa agogo akapepese m'malo mwanga, nkhaniyi ithere pakhomo. Amayi aja, ndi mtima wawo wabwino, anavala zitenje, anagula zipatso ndi juwisi, anapita. Kwa agogo anagwada, anapepesa, anapempha kuti banja likhululuke, zisapite patali. Ine sindinkadziwa kuti foni za m'ndende zimarekodedwa zonse.

Nditatuluka pa belo, achimwene ananditengera kwa loya wina pakati pa tauni ya Indianapolis, mayi wosaseka. Anali atamvetsera zonse zimene apolisi anarekoda. Anandiuza mosapsatira kuti lamulo la kuno limalola munthu kudziteteza m'nyumba mwake, ndipo chitseko chothyoka, chitsulo ndi foni ya Tamanda zinali zokwanira kundiikira kumbuyo. Koma tsopano woimira boma pamilandu anali ndi mawu anga omwe: kuti ndinamuopseza, kuti mfuti ndinagulira iye, kuti ndinavomera kulakwa, kuti za zipolopolo ndinanena zosiyana ndi zimene anapeza. Ndipo kupepesa kwathu kuja, kumene kwathu kumamanga mudzi, kuno kunkaoneka ngati kutuma anthu kukanyengerera mboni.

“Mukapezeka wolakwa pa mlandu ngati uwu,” anatero loya uja, “si ndende yokha. Mukatuluka akhoza kukudipotani, kukubwezani ku Malawi. Mwana wanu ndi nzika ya kuno, inu si nzika.”

Mawu amenewo anandilowa mpaka m'mafupa. Ndinaona Tamanda akumaliza sukulu, akukwatiwa, akubereka, ine ndikuonera pa foni ndili ku Malawi. Ndinalira m'galimoto ya achimwene kufikira misozi inatha. Itatha ndinapukuta kumaso n'kulumbira kuti mwana wanga sindimusiya. Ngati chofunika n'kutseka pakamwa, nditseka, ngakhale pandiyabwe chotani.

Ndipo panandiyabwa, abale. Ntchito anandiimitsa. Tamanda anakhalabe ku Speedway kwa amalume ake, ankaphunzira konko, chifukwa sitinkadziwa kuti mawa kugwa zotani. Anthu ankandiimbira kufuna kumva mmene zinakhalira, ena mwachikondi, ena kufuna ndiwo za pa WhatsApp. Ndinkangoti ndipempherereni, nkhaniyi ili ndi loya. Ena anakwiya, anati ndayamba matama a Chimereka. Ndinawasiya akwiye. Agogo aja anamwalira mlandu uli mkati, ndipo khoti linali litandiletsa kuyandikira banja lawo. Munthu amene ndinkamusambitsa ndi manja angawa, maliro ake sindinapite. Zimenezi zimandiwawa mpaka lero, koma ndinakhala pakhomo.

Loya anagwira ntchito yake. Anapeza kanema wa kamera ya pachitseko cha aneba, woonetsa Dereki akuzungulira kuseri ndi chitsulo. Anapeza umboni woti ndinakadandaula kale kupolisi. Anaitana amayi a kumpingo aja kuti afotokoze mwambo wathu wa chipepeso. Patapita miyezi yambiri, boma linausiya mlandu. Loya anandiuza kuti ndikanakhala chete tsiku loyamba lija, mwina sindikanagona m'chitokosi n'komwe.

Tsono inu owerenga, makamaka abale anga a ku Malawi amene muli kuno, ndimvereni. Sindikuti gulani mfuti. Ine yanga sindifunanso kuiona. Koma chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Zikakugwerani, imbani 911 msanga, pemphani ambulansi. Apolisi akamafika, mfuti isakhale m'manja, manja anu aoneke, ndipo chitani zimene akukuuzani. Nenani dzina lanu. Nenani kuti munthuyo anakuukirani ndipo munaopa kuti akuphani. Alozereni chida chake, chitseko, ndi amene anaona. Mukatero nenani momveka bwino kuti mugwirizana nawo, koma simuyankha mafunso ena popanda loya. Kenako tsekanidi pakamwa. Musaname, komanso musalote mayankho. Kukhala chete kuno si chipongwe, ndi ufulu wanu, ndipo wapolisi sakudabwa nako. Ngati si inu nzika, loyayo adziwe msanga, chifukwa kwa ife mlandu umakhudzanso mapepala. Ndipo chipepeso chathu chisungeni kaye mumtima. Musatume munthu, musaimbe foni, musalembe pa gulu la WhatsApp. Malamulo amasiyana malinga ndi dera limene mukukhala, ndiye funsani odziwa zinthu zisanachitike, osati ngati ine.

Tsiku limene Tamanda anabwerera kunyumba, tsitsi lake linali m'manja mwa alamu anga, akazi a achimwene, miyezi yonseyo, ndipo alamu, Mulungu awadalitse, kuluka si mphatso yawo. Ndinamukhazika pansi pabalaza pomwe paja, ndinamasula zonse n'kuyamba mwatsopano. Kwathu timati mawu a akuluakulu amakoma akagonera, koma m'nyumba mwanga amene anagonera anali a mwana. Nditamaliza mbali imodzi, ndinamuuza kuti ngakhale ndinapepesa anthu ambiri tsiku lija, amene ndinayenera kumupepesa ndi iye yekha, ndipo ndi yekhayo amene ndinamukalipira.

 Anatsamira pa mawondo anga n'kunena m'Chichewa chake chija, “Amama, khalani chete. Malizani mbali inayo.”

Ulendo uno ndinamvera. Ndinaluka mutu wonse mpaka kumapeto.